Bwalo la ndege la Chingodzi

Mzinda wa Tete uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi. Kumeneko kumatentha kwambiri. Kuli milambe yambiri, miyala ndi mbuzi. Anthu ambiri a mumzindawu amayankhula Cinyungwe.

Munthu wocokera ku Ulongwe kapena ku Zóbuè akamapita ku Tete, amadzera ku Moatize, kumene amakumba malasha. Kenaka amawoloka mtsinje wa Revúbuè. Asanafike pa mlatho waukulu wa Samora Machel, amadutsa pa malo ochedwa Chingodzi. Pamenepo pali bwalo la ndege.

Lero pabwaloli pamatera ndege zonyamula anthu. Ena amacokera ku Maputo. Ena ndi anchito a ku migodi ya malasha. Amatsika ndi zikwama zawo, nakwera galimoto kupita kwawo. Koma kale, agogo a ana a lero ali ana, pa Chingodzi pankakhala ndege zankhondo.

Kodi bwalo la ndege n'ciyani?

Mbalame ikafuna kuuluka imangodumpha. Ndege siingathe kutero, cifukwa ndi yolemera kwambiri. Imayamba yathamanga pansi ndi matayala ake, monga galimoto. Imathamanga, imathamanga, mpaka mphepo itagwira bwino mapiko ake. Pamenepo mphuno yake imadzuka, ndipo ndege imacoka pansi.

Potera ndi cimodzimodzi. Ndege imagunda pansi ili pa liwiro lalikulu. Siingaime pomwepo. Imafuna mtunda wautali kuti liwiro lithe.

Conco ndege ili ndi msewu wakewake. M'Cipwitikizi msewu umenewu amati pista. Pista imakhala yowongoka ngati cingwe cokoka. Siikhala ndi zitsa, maenje kapena miyala. Ziweto siziloledwa kudyapo. Mbuzi imodzi yokha ikhoza kucititsa ngozi yaikulu. N'cifukwa cake bwalo la ndege amalichinga ndi mpanda wa waya.

Pista ya pa Chingodzi ndi ya phula. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 2500. Ngati munthu atandandalika mabwalo a mpira 25, limodzi kutsogolo kwa linzake, ndiye kuti wafika pa kutalika kumeneko. Mwana woyenda pansi angathe nthawi yoposa theka la ola kuti acoke mbali ino kukafika mbali inayo.

Ku malo otentha ndege imafuna pista yaitali. Mu Outubro ndi mu Novembro kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40. Mpweya ukatentha umapepuka, ndipo sugwira bwino mapiko. Ndege imayenera kuthamanga mtunda wautali isananyamuke, makamaka ikasenza katundu wolemera.

Ndege imanyamuka moyang'anana ndi mphepo. Imateranso moyang'anana ndi mphepo. Kuti woyendetsa adziwe kumene mphepo ikucokera, pa mabwalo a ndege amaimika mtengo wacitsulo. Pamwamba pake amamangapo thumba lalitali la nsalu, longa mwendo wa buluku. Mphepo ikalowamo, thumbalo limaloza kumene mphepoyo ikupita.

Kumapeto kwa pista amalembako manambala akuluakulu oyera. Pa Chingodzi mbali ina ndi 01, mbali inayo ndi 19. Manambalawa amauza woyendetsa kumene pista yaloza. Ya pa Chingodzi yagona kucokera kumwera kupita kumpoto.

Nthawi ya atsamunda

Kale dziko la Mozambiki linkalamulidwa ndi dziko la Portugal. Anthu ankalipira msonkho wolemera. Amuna ankagwidwa kupita ku cibalo. M'madera ambiri mabanja ankakakamizidwa kulima thonje, ngakhale m'nkhokwe mulibe cimanga. Wokana ankamenyedwa m'manja ndi mbalamatodya.

M'caka ca 1962 anthu ofuna ufulu anakumana ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, nayambitsa FRELIMO. Mtsogoleri wawo woyamba anali Eduardo Mondlane. Pa 25 Setembro 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba ku Chai, m'cigawo ca Cabo Delgado. Poyamba inakula kumpoto, ku Cabo Delgado ndi ku Niassa. M'caka ca 1968 inayaka m'cigawo ca Tete. Omenyera ufulu ankalowa kucokera ku Zambia, kudzera m'nkhalango ndi m'mapiri a kumpoto kwa Zambezi.

M'caka ca 1969 Apwitikizi anayamba kumanga damu lalikulu la Cahora Bassa, pafupi ndi Songo. Simenti, zitsulo ndi makina zinkabwera pa sitima kucokera ku Beira mpaka ku Moatize. Kucoka apo zinkayenda pa malole. Atsamunda ankaopa kuti nchitoyo ingaime. Anabweretsa asilikali ambiri ku Tete kuti alondere damu, msewu ndi njanji.

Koma cigawo ca Tete n'cacikulu, ndipo misewu inali yocepa. Nthawi ya dzinja malole ankatitimira m'matope. Milatho yaing'ono inkakokoloka. M'misewu munkakwiriridwa mabomba. Ulendo umene lole inkayenda masiku angapo, ndege inkautha pa ola limodzi. N'cifukwa cake atsamunda ankadalira ndege kwambiri.

Mayi ndi ana ake

Asilikali a ndege a Cipwitikizi ankapatsa mabwalo awo manambala. La ku Nacala linali nambala 5. La ku Nova Freixo, kumene lero ndi Cuamba, linali nambala 6. La ku Lourenço Marques, kumene lero ndi Maputo, linali nambala 8. La ku Beira linali nambala 10. La pa Chingodzi linali nambala 7. Dzina lake lonse linali Aeródromo Base número 7. Mwacidule ankangoti AB7.

Bwalo la nambala 7 linali ngati mayi. Linali ndi ana ake, mabwalo ang'onoang'ono a kutali. Nambala ya mwana aliyense inkayamba ndi 7. La ku Furancungo linali 71. La ku Chicoa linali 72. La ku Mutarara linali 73. Ndege zinkacoka kwa mayi kupita kwa ana. Kumeneko zinkamwa mafuta, nthawi zina zinkagona masiku angapo, kenaka zinkabwerera.

Furancungo ali ku Macanga, kumene anthu amayankhula Cinyanja. Conco nkhani ya pa Chingodzi si ya mumzinda mokha. Ndege za pamenepo zinkauluka pamwamba pa minda ya ku Macanga, ku Chifunde ndi ku Marávia.

Ndege zimene zinkakhalapo

Ndege sizinali za mtundu umodzi. Iliyonse inali ndi nchito yake, ndiponso kulira kwake. Anthu a m'midzi sankadziwa maina a ndegezo, koma ankazisiyanitsa ndi makutu.

Panali T-6. Iyi inapangidwa ku America. Poyamba inali yophunzitsira oyendetsa ndege, ndipo inali ndi mipando iwiri, wina kutsogolo, wina kumbuyo. Pamphuno pake panali zitsulo zozungulira, zimene m'Cipwitikizi amati hélice. Inali yakale, yosathamanga kwambiri, koma yaphokoso. Apwitikizi anaimangirira mfuti ndi mabomba kunsi kwa mapiko. Nthawi zambiri inkauluka pamwamba pa malole a asilikali, kuwaperekeza pa msewu.

Panali Fiat G.91. Iyi inalibe hélice. Inkayenda ndi injini ya jeti, yokoka mpweya kutsogolo ndi kuutulutsa kumbuyo uli wotentha. Kunsi kwa mphuno yake kunali cibowo cacikulu, conga kamwa ya nsomba. Munkakwera munthu mmodzi yekha. Inkatha kuuluka makilomita pafupifupi 1000 pa ola. Anthu ankaimva itafika kale pamutu pawo, ndipo nthawi yothawa inkacepa. Dziko la Portugal linapeza ndege zimenezi kucokera ku Germany m'caka ca 1966. Nkhondo itakula ku Tete, gulu lina la ndegezi linaikidwa pa Chingodzi. Gululo linkadzicha Escorpiões, ndiye kuti Zinkhanira. Dzinali linali loyenera nchito yake.

Panali Dornier 27, kandege kakang'ono ka ku Germany. Kameneka kankatera ngakhale pa pista yaifupi ya dothi. Kankanyamula makalata, mankhwala, ndiwo ndi anthu ovulala. Koma kanalinso maso a ndege zina. Kankazungulira pang'onopang'ono pamwamba pa nkhalango. Kakaona utsi, munda kapena kanjira, kankauza anzake pa wailesi.

Panalinso mahelikopita, amene ena amati zikopokopo cifukwa ca kulira kwake. Helikopita siifuna pista. Mapiko ake amazungulira pamwamba pa mutu wake, ndipo imakwera molunjika kumwamba. Ikhoza kuima m'malere ngati tombolombo. Ikhoza kutera pa dambo, pa thanthwe kapena pakati pa mudzi. Yaing'ono inali Alouette III, ya ku France. Kutsogolo kwake kunali magalasi okhaokha, ndipo munkakwera anthu 7. Ina ya mtundu womwewu inkakhala ndi mfuti yaikulu pa khomo. Yaikulu inali Puma, yonyamula asilikali oposa 15.

Ndege yonyamula katundu inali Noratlas. Inali ndi cimimba cacikulu ndi micira iwiri. Inkabwera kucokera ku Beira ndi matumba, mabokosi, zitsulo za injini ndi asilikali.

Anthu a pabwalo

Ndege imodzi imafuna anthu ambiri. Woyendetsa ndi mmodzi, koma pansi pamatsala amakanika, othira mafuta, omangirira mabomba ndi oyankhula pa wailesi. Pamakhala ophika, alonda ndi anamwino. Amakanika ankadzuka kusanace, cifukwa masana citsulo ca ndege cinkatentha ngati ciwaya ca pamoto.

Bwalo lankhondo linkazunguliridwa ndi waya waminga. Usiku alonda ankayang'ana kunja ndi mfuti m'manja. Mafuta ndi mabomba ankasungidwa kutali ndi nyumba zogona, kuti moto ukabuka usaphe anthu onse.

Asilikali ambiri anali anyamata ocokera ku midzi ya ku Portugal. Sanabwere mwa kufuna kwawo. Lamulo linkawakakamiza kulowa usilikali. Ambiri anali ana a alimi osauka. Ankalembera makolo awo makalata a pepala limodzi lopinda, ochedwa aerograma, amene sankafuna sitampa. Ndege ikatera pa kabwalo ka kuthengo, cinthu coyamba kufunsa cinali thumba la makalata.

Panalinso anamwino aakazi ophunzitsidwa kudumpha m'ndege ndi parashuti. Iwo ankakwera helikopita kukatenga ovulala. Ankawagoneka pa macira, nawasamalira m'mwamba momwemo mpaka kufika ku cipatala.

Si onse amene anali azungu. M'gulu lankhondo la atsamunda munali ana a Mozambiki ambiri. Enanso ankagwira nchito wamba m'misasa ya asilikali: kucheca udzu, kugubuduza migolo, kucapa ndi kusita zovala. Nkhondo imeneyi inagawa mabanja. Mkulu ankatha kukhala msilikali wa atsamunda, mng'ono wake ali kuthengo ndi FRELIMO.

Pansi pa ndege

Munthu amene ali m'ndege amaona zambiri. Amaona utsi wa pa mafuwa. Amaona munda wolimidwa kumene, cifukwa dothi lake limafiira. Amaona kanjira kopita ku citsime. Amaona nsalu yoyera yoyanikidwa pa thanthwe. Koma sangadziwe ngati woyenda pa kanjirako ndi msilikali kapena mayi wopita kukatunga madzi. Apa ndi pamene panali tsoka la anthu wamba.

Omenyera ufulu analibe ndege. Ankayenda pansi, atasenza katundu pamutu. Ankadya cakudya ca anthu a m'midzi. Atsamunda anafuna kuwalekanitsa ndi anthuwo. Anasamutsa mabanja ambiri, nawaunjika m'midzi yolonderedwa ndi asilikali, yochedwa aldeamento. Anthu anasiya minda yawo, mitengo yawo ya zipatso ndi manda a makolo awo. Wotsala kunja kwa aldeamento ankayesedwa mdani. Ndege zinkaponya mabomba pa nyumba ndi pa nkhokwe. Mabomba ena anali a moto womata, wovuta kuzimitsa.

Mabanja ambiri anathawira ku Malawi ndi ku Zambia. Ena anabisala m'nkhalango ndi m'mapiri. Kumeneko anaphunzira kukhala mosaonekera. Ankalima timinda tating'ono, apa kena, apo kena. Ankagwira nchito m'mamawa kwambiri ndi madzulo. Ankasamala kuti utsi usakwere masana. Nyumba ankamanga pansi pa mitengo ya masamba ambiri. Sukulu nazo zinali pansi pa mitengo. Ana ankaphunzira kuwerenga, ankaphunziranso kugona pansi cete ndege ikamveka.

Tsiku la Wiriyamu

Pali tsiku limodzi limene anthu a ku Tete saliiwala. Linali Loweruka, pa 16 Dezembro 1972. Kumwera kwa mzinda wa Tete, osati kutali, kunali midzi ya Wiriyamu, Juwau, Chaworha ndi ina yoyandikana nayo. Bwalo lalikulu la ndege zankhondo la pafupi ndi midziyi linali la Chingodzi.

Tsiku limenelo ndege zinaponya mabomba. Mahelikopita anatsitsa asilikali. Asilikaliwo anasonkhanitsa anthu a m'midzi, nawapha. Anapha amuna, amayi, nkhalamba ndi ana. Anatenthanso nyumba. Anthu amenewa analibe mfuti.

Ocepa anapulumuka. Ena anafika ku cipatala ca ku Tete ali ndi mabala. Ansembe ndi masisitere anamva nkhani yawo. Maina a anthu ophedwa analembedwa pa pepala, ndipo pepalalo linatulutsidwa m'dziko mobisa. Pa 10 Julho 1973 wansembe wa ku England, Adrian Hastings, anafalitsa nkhaniyi m'nyuzipepala ya The Times ya ku London. Dziko lonse linamva. Boma la Portugal la nthawi imeneyo linakana.

Patapita zaka, katswiri wa mbiri yakale wobadwira m'Mozambiki, Mustafah Dhada, anaceza ndi opulumuka. Anapeza maina a anthu 385 amene anaphedwa. M'caka ca 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa ili ku Maputo. Panali patapita zaka pafupifupi 50.

Kutha kwa nkhondo

Ndege zinali zamphamvu, koma sizinapambane nkhondo. Ndege ikhoza kugwetsa nyumba, koma siingakhale m'mudzi. Imaponya mabomba ake, mafuta amacepa, imabwerera. Ikapita, oyenda pansi amapitiriza ulendo. Omenyera ufulu anawoloka Zambezi, ndipo m'caka ca 1972 anafika ku Manica ndi Sofala. Nkhondo ili pafupi kutha, anapezanso zida zogwetsera ndege zonyamula pa phewa. Oyendetsa ndege anayamba kucita mantha kuuluka m'munsi.

Asilikali a Portugal anatopa. Ankamenya nkhondo m'maiko atatu: Angola, Guiné ndi Mozambiki. Pa 25 Abril 1974 anagwetsa boma lawo ku Lisboa. Pa 7 Setembro 1974 pangano linasainidwa ku Lusaka. Pa 25 Junho 1975 Samora Machel analengeza ufulu wa Mozambiki.

Asilikali a Cipwitikizi anacoka pa Chingodzi. Ndege zambiri zinabwerera ku Portugal. Zina zocepa zinatsala m'dziko muno. Dzina la AB7 linatha.

Mtendere sunakhalitse. Kunabuka nkhondo ina, pakati pa boma ndi RENAMO. Misewu inaopsanso. Malole ankayenda pa mzere, asilikali akuperekeza. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi. M'madera ena cakudya ndi mankhwala zinkafika pa ndege pokha. Nkhondoyi inatha pa 4 Outubro 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere ku Roma.

Zimene zinatsala

Cinthu cacikulu cimene cinatsala pa Chingodzi ndi bwalo lenilenilo. Phula likang'ambika amalikonza, mizere ikafufutika amaipaka utoto, koma malo ndi omwewo. Pamene pankanyamukira Zinkhanira, lero pamanyamukira ndege ya anthu apaulendo. M'mbali mwa bwaloli mwamangidwa nyumba zambiri, ndipo Chingodzi ndi dera la mzinda wa Tete.

Mabwalo ena a nthawi imeneyo nawonso alipo. Ku Cuamba, ku Lichinga ndi ku Mueda kudakali mabwalo a ndege. Ku Nacala, pa malo a bwalo lankhondo, anamangapo bwalo latsopano la anthu apaulendo. Linatsegulidwa m'caka ca 2014.

Ku Chicoa zinthu zinasintha kwambiri. Damu la Cahora Bassa litatsekedwa kumapeto kwa 1974, madzi anakwera. Mudzi wakale wa Chicoa unamira, ndipo anthu anasamutsidwa. Lero pamenepo ndi nyanja. Asodzi amagwira kapenta usiku ndi nyali.

Pista ya dothi siikhalitsa ikasiyidwa. Mvula imakumba ngalande. Udzu umamera. Ciswe cimamanga zulu. Kenaka pamamera mitengo, kapena anthu amalimapo cimanga. Komabe wa maso akuthwa akhoza kuizindikira. Ndi malo aatali, osalala ndi owongoka kwambiri, kumene mitengo yake ndi yaing'ono kuposa ya m'mbali. Cilengedwe sicikonda kuwongola zinthu motero. Pafupi pake nthawi zina pamapezeka simenti ya maziko a nyumba, zidutswa za waya waminga kapena mgolo wadzimbiri. Malata ndi zitsulo zabwino sizikhalitsa pa malo otere. Anthu amafolera nazo nyumba, migolo amasungiramo madzi.

Nanga ndege zija zili kuti? Fiat G.91 inagwirabe nchito ku Portugal mpaka 1993. Alouette III inafika mpaka 2020. Ku Sintra, pafupi ndi Lisboa, kuli nyumba yosungiramo ndege zakale, yochedwa Museu do Ar. Kumeneko kuli ndege za mitundu imene inkauluka ku Tete. Zaima cete, zopukutidwa bwino, zopanda mabomba. Ana a sukulu amapita kukaziona.

Ku Wiriyamu kuli cikumbutso ca anthu amene anaphedwa. Pa 16 Dezembro anthu amasonkhana pamenepo.

Zina zinatsala m'mitu mwa anthu. Agogo ambiri a ku Macanga, ku Chifunde ndi ku Changara amakumbukira kulira kwa ndege zija. Amadziwa phanga limene anabisalamo. Amadziwa njira imene anadzera popita ku Malawi, ndi mtsinje umene anawoloka atabereka mwana kumbuyo. Zimenezi sizinalembedwe zonse m'mabuku. Ena amakonda kuzifotokoza madzulo pa moto. Ena safuna, cifukwa zimawawa, ndipo munthu wotere sakakamizidwa.

Zotsala zoopsa

Pali zotsala zina zimene sizioneka. Pa nkhondo zonse ziwiri asilikali ankakwirira mabomba m'nthaka. M'Cipwitikizi bomba lotere amati mina. Ankawakwirira mozungulira misasa, pa milatho, m'njira ndi pansi pa mitengo ya magetsi. Kuzungulira damu la Cahora Bassa atsamunda anakwirira ambirimbiri. Bomba lokwirira silidziwa kuti nkhondo inatha. Limadikira zaka zambiri. Silisankha msilikali, mwana kapena ng'ombe.

Mabomba ena oponyedwa ndi ndege sanaphulike. Analowa m'dothi, nakhala momwemo. Zipolopolo zina zinatayika m'thengo.

Mtendere utabwera, nchito yocotsa mabomba inayamba. Inali nchito ya pang'onopang'ono. Wocotsa mabomba amavala covala colimba pa cifuwa ndi galasi kumaso. Amagwada pansi. Amayendetsa makina omva citsulo pamwamba pa dothi. Makinawo akalira, amafukula mosamala kwambiri, pang'ono pang'ono. Mabungwe monga HALO Trust anagwira nchitoyi zaka zoposa 20.

Bungwe lina, lochedwa APOPO, linabwera ndi anchito odabwitsa: abwampini. Bwampini ndi khoswe wamkulu wa masaya onga matumba. Mphuno yake imamva fungo kwambiri. Abwampiniwa anaphunzitsidwa ku Tanzania kununkhiza mankhwala a m'bomba. Amawamanga kacingwe, nayenda uku ndi uku pa munda. Bwampini akamva fungo, amaima ndi kupalasa pansi. Iye ndi wopepuka, conco bomba siliphulika akaponda. Malipiro ake ndi nthoci.

Pa 17 Setembro 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira m'Mozambiki ayeretsedwa. Minda yambiri inabwerera kwa eni ake. Ana anayamba kudzera njira zacidule popita ku sukulu.

Komabe cinthu cimodzi kapena ziwiri zikhoza kutsalira pamene palibe anadziwa. Mvula yamphamvu ikakokolola dothi, kapena khasu likalowa pa mphanje, citsulo cakale cikhoza kuonekera. Cina cimaoneka ngati citini. Cina ngati mbale yokhala ndi civundikiro. Cina ngati cinanazi cacing'ono. Cina n'cacitali, cokhala ndi timapiko kumbuyo. Dzimbiri silitanthauza kuti cinafa. Nthawi zina cadzimbiri ndico cosacedwa kuphulika.

Mwana wozindikira akaona citsulo cacilendo kuthengo, sacigwira. Sacigenda ndi mwala. Sacitokosa ndi ndodo. Sacinyamula kuti akagulitse kwa ogula zitsulo, ndipo saciika pa moto. Amaima, nacenjeza anzake kuti asayandikire. Amabwerera m'njira yomwe anadzera, kuponda m'mapazi ake omwe. Akafika kumudzi amauza mayi, bambo kapena aphunzitsi.

Akuluwo amauza amfumu ndi apolisi. Pa malopo amaikapo cizindikiro, kuti abusa a mbuzi ndi otola nkhuni asafikepo. Cizindikiro ca akatswiri cimakhala cofiira, cokhala ndi cithunzi ca cigaza ndi mau akuti Perigo Minas. Akatswiri akabwera, amauza anthu onse kuti apite kutali. Nthawi zambiri sacinyamula citsuloco. Amaciphulitsira pomwepo.